Namwino wanu nayenso amabwerera m'kalasi

Funsani agogo anu ku Mayani za mankhwala a malungo, akuuzani za chloroquine, wowawa uja, woyabwitsa thupi lonse. Amayi anu amakumbukira Fansidar. Inu mwakulira LA. Dziko lino lidasiya chloroquine mu 1993, ndipo mu 2007 Fansidar naye adapereka mpando kwa LA, chifukwa tizirombo ta malungo tidasiya kumva mankhwalawo.

Tsono taganizirani namwino amene adamaliza sukulu mu 2005. Akadangokhalira zimene adalemba m'kope nthawi imeneyo, bwenzi lero akupereka mankhwala otha ntchito. Ku nkhani ya HIV ndiye zasintha kwambiri: mu 2011 Malawi adakhala woyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilomboka pa ma ARV a moyo wonse, ndipo mu 2019 odwala ambiri adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kusintha kulikonse kumafuna kuti wina aphunzirenso mlingo, zizindikiro zoopsa, ngakhale kalembedwe ka m'kaundula.

N'chifukwa chake bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna kuti namwino kapena mzamba asonyeze mapointi a maphunziro opitiriza, aja amati CPD, asanakonzenso chiphaso chake. Madokotala ndi ma clinical officer nawo amayankha ku Medical Council of Malawi. Ena amapita patali ndithu, kukawonjezera dipuloma kapena digiri ku Malawi College of Health Sciences kapena ku KUHeS.

Koma apa pali pobaya. M'tauni wina akachoka, anzake amatseka mpata. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, mzamba akapita kumaphunziro ku Dedza boma kwa sabata, wotsalayo amagwira usana ndi usiku, ndipo mzere wa kusikelo umafika pamtengo wa panja. Anthu amadandaula kuti angotsata ma alawansi. Ena amatsatadi, tisanamizane. Koma mwana akabadwa osapuma, mzamba amakhala ndi mphindi imodzi yokha yoti amuthandize kuyamba kupuma, ndipo manja amaiwala luso limeneli ngati sakulibwereza.

Ine ndimaona kuti maphunziro ambiri azibwera komwe kuli odwala: mphunzitsi afike ndi chidole chophunzirira, aphunzitse onse masana mzere ukatha, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi. Maphunziro ena a CPD tsopano amachitika pafoni. Vuto n'lakuti bandulo yake namwino nthawi zambiri amagula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo kumapiri kuno netiweki imabwera ikafuna.