NANKAFUMBWE AMENE ATHANDIZA DAMBO LA LUKANGA

Mlimi ali yense adziwa nankafumbwe. Ndiye mbala ya m'nkhokwe, amene asandutsa cimanga ca caka cathunthu kukhala gaga wacabe. Cifukwa cace mukamva kuti anthu ophunzira anaweta anankafumbwe dala, nawanyamula m'mabwato kukawaika m'Dambo la Lukanga, kapena mudzati anthuwo azungulira mutu. Koma musafulumire kuweruza mlandu musanaumve. Nankafumbwe ameneyu ndi wa mtundu wina, ndipo nchito yace ikhudza inu nonse amene mudya ndiwo za nsomba ku Kabwe ndi m'midzi yozungulira.

Dambo ndi Cuma Cace

Dambo la Lukanga liri kumadzulo kwa Kabwe, ulendo wa mamailosi ngati 30, m'dziko la Alenje. Madzi ace acokera mu mtsinje wa Lukanga ndi m'timitsinje tina, ndiponso m'Kafue pamene asefukira m'dzinja. Dambo lisunga madziwo monga mtsuko, ndi kuwabwezera m'Kafue pang'ono pang'ono. M'mabango ndi m'gumbwa mukhala ng'ona, nsato, ndi sitatunga, ndiyo nyama yonga mbawala, ya ziboda zazitali zoyendera pa matope.

Mukhalanso mbalame yaikulu imene Azungu aicha wattled crane. Msinkhu wace ufika pafupi ndi wa munthu, khosi lace ndi loyera, ndipo pansi pa mlomo palendewera timinofu tiwiri. Mbalamezi sizifika 10,000 pa dziko lonse lapansi, ndipo zambiri mwa izo ziri m'madambo a Zambia. Ziculuka mocedwa, pakuti yaimuna ndi yaikazi zilera mwana mmodzi yekha pa nthawi imodzi.

M'caka ca 1971 maiko anapangana ku Ramsar, m'dziko la Iran, kuti adzasunga madambo ao akulu. Lukanga analembedwa m'kaundula wa panganolo m'caka ca 2005, ndipo malo olembedwawo ndi mahekitala 260,000.

Mdani Woyandama

Mdani wa dambo limeneli alibe mfuti kapena msampha. Ndi kaudzu koyandama pa madzi, kamene ambiri akacha udzu wa Kariba. Masamba ace ndi ang'ono ngati cikhadabo ca cala cacikulu, ndipo ali ndi tiubweya toletsa madzi kuwanyowetsa. Udzuwu subala mbeu zomera. Ufalikira ndi zidutswa zace: kacidutswa kamodzi kokakamira pa ukonde kapena pansi pa bwato kakhoza kuyambitsa munda watsopano. Kukatentha, ndipo madzi akakhala ndi cakudya cambiri, malo amene udzu waphimba aculuka kawiri m'masiku owerengeka.

Ukaculuka ulukana monga mphasa yocindikala. Dzuwa silifika pansi, zomera za m'madzi zifa, ndipo mpweya umene nsomba zipuma ucepa. Bwato silipita, ukonde ubwera wolemera ndi udzu m'malo mwa nsomba, ndipo mbalame zisowa madzi oonekera oti zifunemo cakudya. Dzina lace linacokera ku nyanja ya Kariba, kumene unaoneka m'caka ca 1959, madzi atangoyamba kudzaza. Pofika 1962 unali utaphimba gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo.

M'mene Mankhwala Ace Anapezekera

Akatswiri anaganiza motere: udzu uwu si wa kuno. Kwao uyenera kukhala ndi tizirombo toudya, ndico cifukwa cace kwaoko subvuta anthu. Anapita ku South America natenga tizirombo pa udzu wofanana nao, koma titafika ku maiko obvutikawo sitinathandize kweni kweni. Cifukwa cace cinali cakuti udzu umene anatengapo tiziromboto unali mbale wace cabe wa udzu wa Kariba.

M'caka ca 1972 Bwana D. S. Mitchell, amene anaphunzira udzuwu zaka zambiri pa Kariba, anaonetsa kuti ndi mtundu pa wokha, naucha dzina lakuti Salvinia molesta. M'caka ca 1978 akatswiri a ku Australia anapeza kwao kweni kweni, kum'mwera ca kum'mawa kwa dziko la Brazil, ndipo pa udzuwo anapezapo kanankafumbwe kakuda. Asanakamasule anakayesa pa mbeu ndi zomera za mitundu mitundu, naona kuti sikakhala ndi moyo pa ciri conse koma pa udzu wokhawo. M'caka ca 1980 anakaika pa nyanja ya Moondarra ku Australia, ndipo m'caka cotsatira udzu umene unaphimba nyanjayo unali utamira pafupi wonse.

Onani phunziro lace. Mankhwala sanapezeke kufikira anthu atadziwa bwino dzina la nthendayo ndi kumene inacokera.

Kadyedwe ka nankafumbweyu nkotere. Wamkulu, amene msinkhu wace ulingana ndi uja wa m'nkhokwe, adya nsonga zophukira. Wamkazi aikira mazira pa udzu pomwepo, ndipo mphutsi ziboola tsinde ndi kudya m'kati mwace. Pamenepo udzu ufiira, ubvunda, numira. Cimanga, mapira, mpunga, fodya ndi ndiwo za ku dimba sazikhudza.

Nchito ya ku Lukanga

Udzu wa Kariba unalowanso m'Lukanga, ndipo oyesa anapeza kuti waphimba malo oposa theka la madzi. Kuuzula ndi manja kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, pakuti zidutswa zotsala ziphukanso. M'caka ca 2017 bungwe losamala mbalame la BirdWatch Zambia, pamodzi ndi la BirdLife International, linayamba nchito yoweta anankafumbwe, ndipo ndalama zace zinacokera ku Boma la Britain. Anawaweta m'zosungira madzi zodzaza ndi udzuwo. Ataculuka, udzu wokhala ndi anankafumbwe unanyamulidwa m'mabwato kukaikidwa pakati pa udzu wa m'dambo, ndipo asodzi a komweko ndiwo anathandiza, popeza adziwa njira za m'mabango. M'zaka zotsatira anankafumbwe anafalikira kutali ndi pamene anaikidwa, ndipo njira zina za mabwato zinatseguka.

Nchito yotere siitha tsiku loika tizirombo. Ofufuza abwerera ku malo omwewo nthawi ndi nthawi. Atola udzu, nawerenga nsonga zodyedwa ndi anankafumbwe amene alipo, nayesa kukula kwa madzi oonekera. Awerenganso mbalame za m'madzi kawiri pa caka, mu January ndi mu July, cifukwa kuculuka kapena kucepa kwa mbalame ndiko kuonetsa ngati dambo liri ndi moyo. Mukaona anthu m'bwato ali ndi magalasi oonera kutali ndi buku m'manja, musawaope: sanadzere msonkho, koma kuwerenga mbalame.

Dziwaninso kuti nankafumbwe safulumira. M'miyezi yozizira ya June ndi July aswana pang'ono, ndipo pa malo akulu nchito yace itenga zaka. Samaliza udzu wonse, koma aucepetsa kufikira usabvutenso. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Gawo Lanu

Kacirombo kamene kanafunidwa zaka zambiri kakhoza kuphedwa ndi munthu mmodzi wosasamala. Cifukwa cace sungani malangizo awa.

1. Musatsukire pampu yopopera mbeu mu mtsinje kapena m'dambo, ndipo musatayemo mabotolo a mankhwala. Mankhwala amene apha tizirombo ta m'thonje ndi m'cimanga aphanso nankafumbwe uyu pamodzi ndi nsomba.

2. Musalime kufika m'mphepete mweni mweni mwa madzi. Siyani mpata wa udzu ndi mabango, pakuti feteleza wokokoloka ndi mvula ndiye cakudya cimene udzu wa Kariba ukula naco msanga.

3. Musanasamutse bwato kapena ukonde kupita ku madzi ena, cotsani udzu wonse, ndi kuyanika ukondewo pa dzuwa kufikira uume.

4. Musatenge udzuwu kukauika m'damu la ng'ombe kapena m'dziwe la nsomba. Umene mwaubvuula, uunjikeni pa mtunda pouma, pamene madzi osefukira safika.

5. Mukaona udzu wofiira ndi wodyedwa nsonga, ulekeni pomwepo. M'menemo ndimo muli anankafumbwe, ndipo acokera m'menemo kunka ku udzu wauwisi.

6. Musaoche dambo m'cirimwe. Mbalame zazikulu zija zimanga zisa zao pansi, pakati pa udzu wa m'madzi osaya, ndipo mwana amene sanayambe kuuluka sathawa moto.

7. Mukapeza udzuwu pa madzi pamene sunalipo kale, uzani mfumu ya mudzi ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa za nsomba msanga.

Madzi oonekera amene mbalame ifuna ndiwo omwe bwato lifuna, ndipo msipu wa m'mphepete mwa dambo ndiwo upulumutsa ng'ombe zanu m'mwezi wa October. Kambiranani mau awa pa bwalo, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzao, makamaka anyamata opopera mbeu ndi opalasa mabwato.