Ngolo yogonamo pa ulendo wa m'thengo

Pamene ndinayamba kukhoma ngolo yogonamo, yoti galimoto langa liziikoka pa msewu wafumbi wochokera ku Rumphi kukwera ku Nyika, ndinkayesa kuti ulemerero wake wagona pa tenti yapadenga ndi kakhitchini kosolola. Koma mmisiri wowotcherera zitsulo, mkulu waimvi, anandidzudzula nati nyumba imayambira pa maziko, ndipo ine, pokumbukira kuti safunsa anadya phula, ndinatchera khutu.

Mazikowo ndiwo felemu, ekiselo ndi masipuling'i. Matayala afanane ndi a galimoto lokoka, kuti lapadera limodzi litumikire zonse ziwiri. Thanki ya madzi, popeza lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi, ikhale pansi pafupi ndi ekiselo, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse litsamire pa cholumikizira, pakuti ngolo yolemera kumbuyo imapukusa mchira ngati ng'ona, n'kugwetsera galimoto m'ngalande. Mpira wokokera wa mamilimita 50 ndinausiya, n'kuika cholumikizira chotembenukira mbali zonse, choyenera zigwembe.

Fumbi lokha ndilo linandichititsa manyazi: tinafika ku Chelinda, ku Nyikako, ufa ndi shuga zitafiira psuu. Inu okhoma anzanga, musaumire pogula labala wotsekera m'mphepete mwa zitseko.