Kulumbira msanga madandaulo asanamveke

Yemwe amakwera minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre amadziwa kuti tsiku lolumbiritsa mtsogoleri wa dziko msewu wa Masauko Chipembere sukhala wake. Apolisi amatseka njira pa Chichiri, ndipo namtindi wa anthu ovala nsalu za chipani umakhamukira m'bwalo la zamasewero la Kamuzu kusanache. Pabwaloli ndi pomwe a Bakili Muluzi adalumbirira pa 21 May 1994, dziko litangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Mwambo weniweniwo ndi waufupi. Malamulo oyendetsera dziko amati wopambana alumbire pamaso pa mkulu wa majaji kuti adzagwira ntchito yake mokhulupirika, adzateteza malamulowo, ndipo adzachitira chilungamo anthu onse mopanda mantha kapena kukondera. Zinazi, monga perete wa asilikali, kuomba mizinga ndi kulandira lupanga kuchokera kwa mkulu wa asilikali, ndi zokometsera chabe. Mayi Joyce Banda adalumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe pa 7 April 2012, dziko lili pachisoni cha a Bingu wa Mutharika, koma mphamvu zawo sizidachepe ngakhale pang'ono.

Chomwe chakhala chikuvuta ndi liwiro. M'chaka cha 2004 zotsatira zidatuluka pa 23 May, ndipo m'mawa mwake a Bingu adalumbira pabwalo lomweli, lomwe panthawiyo linkatchedwa la Chichiri. Kunja kudali kutavuta. Otsatira a Gwanda Chakuamba adatseka misewu m'madera ena a mzindawu, apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi, mfuti zidalira ndipo anthu ena adataya miyoyo. Akuluakulu ankaomba m'manja mkati mwa bwalo pomwe eni sitolo ndi mavenda ankadera nkhawa katundu wawo.

Mu 2019 zidabwerezeka. Zotsatira zidalengezedwa pa 27 May, ndipo pa 28 May a Peter Mutharika adalumbira. Padatenga miyezi yoposa isanu ndi itatu kuti khothi, pa 3 February 2020, ligamule kuti chisankhocho sichidayende bwino. Ndipo pasakhale woloza mnzake chala: a Lazarus Chakwera nawo adalumbira ku Lilongwe pa 28 June 2020, patangopita tsiku limodzi chilengezereni kupambana kwawo.

Kodi ankathamangira chiyani? Andale amadziwa kuti munthu akangolumbira, apolisi, asilikali ndi thumba la boma zimakhala m'manja mwake. Wodandaula amapita kukhothi mnzake atakhazikika kale pampando. Kwa mayi yemwe adaima pamzere kuyambira tambala woyamba, zimaoneka ngati mlandu wagamulidwa mboni zisanafike.

Lamulo lidasinthidwa. Tsopano wopambana amayenera kudikira masiku osachepera 7 zotsatira zikalengezedwa, koma asapitirire masiku 30. Lidagwira ntchito mu 2025: bungwe la MEC lidalengeza pa 24 September kuti a Peter Mutharika apambana, ndipo mkulu wa majaji a Rizine Mzikamanda adawalumbiritsa pa 4 October pabwalo la Kamuzu, pamodzi ndi wachiwiri wawo Mayi Jane Ansah.

Sabata imodzi sikwanira kuti khothi limve ndi kugamula mlandu wa chisankho. Ku Kenya, wina akadandaula, mwambo wolumbiritsa umaima mpaka bwalo lalikulu la Supreme litagamula, ndipo majaji amapatsidwa masiku 14 okha. Kuno wopambana amalumbirabe ngakhale mlandu uli m'khothi.