Nkhaka Zachita Maluwa Koma Sizikubereka: Vuto Lili Pati?

Alimi ambiri odzala nkhaka m'dimba la pakhomo amadandaula kuti mbewu yayanga bwino, maluwa achikasu ali mbwee, koma akungoyoyoka osasiya chipatso. Ena amathamangira kukagula mankhwala poganiza kuti ndi matenda, ena amazula mbewu yonse. Musanataye ndalama ndi mbewu, yambani mwawayang'anitsitsa maluwawo.

Maluwa aamuna ndi aakazi

Nkhaka zimene timadzala m'madimba, monga za mtundu wa Ashley, zimatulutsa maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi. Duwa lalimuna limakhala pa kaphesi kowonda. Duwa lalikazi limakhala ndi kankhaka kakang'ono kunsi kwake. Pakatha masabata 5 kapena 6 chidzalire, oyamba kutuluka amakhala aamuna. Amenewa sabereka. Ntchito yawo ndi kupereka mungu, kenako amagwa. Aakazi amayamba kuoneka pakadutsa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Choncho kuyoyoka kwa maluwa oyamba si matenda ayi.

Ntchito ya njuchi

Kuti kankhaka kaja kakule, mungu uyenera kuchoka pa duwa lalimuna kupita pa lalikazi. Mphepo siunyamula chifukwa ndi womata. Amene amaunyamula ndi njuchi, makamaka m'mawa, ndipo duwa lililonse limakhala lotseguka tsiku limodzi lokha. Mungu ukapanda kufika, kankhaka kamachita chikasu n'kugwa. Ukafika wochepa, nkhaka imapindika kapena kuwonda mbali imodzi, ndipo pamsika ogula amaisiya.

Pachifukwa ichi, musapopere mankhwala ophera tizilombo m'mawa mbewu ikayamba maluwa. Ngati kupopera n'kofunikadi, poperani madzulo njuchi zitachoka, motsatira malangizo olembedwa pa botolo. Njuchi zikamasowa m'dimba, thyolani duwa lalimuna m'mawa, chotsani timasamba take tachikasu, ndipo kamtima kotsalako mukhudzitse pakati pa duwa lalikazi.

Madzi

Pa magawo 100 a nkhaka, pafupifupi 95 ndi madzi, pomwe mizu yake yambiri ili pamwamba. Dothi likamauma lero, mawa n'kunyowa kwambiri, tizipatso timagwa ndipo totsala timatha kuwawa. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala pisani chala m'dothi tsiku lililonse. Mukapeza pouma, thirirani patsinde, osati pamasamba, ndipo phimbirani bedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathe msanga.

Kukolola

Thyolani nkhaka zikadali zobiriwira, pakadutsa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Nkhaka ikasiyidwa mpaka kuchita chikasu, chomera chimaika mphamvu zake pokhwimitsa njere ndipo chimachepetsa kubereka.

Zochita m'magulu sabata ino

1. Gulu lililonse lisankhe zomera zisanu pa munda wathu wophunzirirapo.
2. Werengani maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chilichonse, mulembe m'kope.
3. Imani phee kwa mphindi zisanu m'mawa, muwerenge njuchi zotera pamaluwa.
4. Mangani kaulusi pa maluwa aakazi atatu amene mwawapaka mungu ndi manja, ndi kaulusi ka mtundu wina pa atatu amene mwawasiyira njuchi.

Tikakumana sabata yamawa, gulu lililonse lidzafotokoze kuti ndi maluwa ati amene agwira nkhaka, ndipo nkhakazo n'zowongoka kapena zopindika.