Kodi wovulala msana angathe kuyendetsa thiraki?

Achinyamata anzathu, nkhani ya ntchito sichoka pakamwa m'makalabu athu kuno ku Khonjeni. Ambiri mwa ife tidakulira m'minda ya tiyi. Timadziwa kulemera kwa dengu kumsana nyengo ya dzinja pamene tiyi wachuluka, kuwerama tsiku lonse pa malo otsetsereka, ndi kunyamula matumba a feteleza. Ena adagwapo, ena msana udangoyamba kuwawa pang'onopang'ono mpaka ntchito kuwakanika. Zikatere, maganizo amathamangira ku mathiraki amene timawaona pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza. Timati: "Dalaivala amangokhala pampando. Ntchito yoyenera msana wanga ndi imeneyo."

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitikunena kuti wovulala msana sangayendetse thiraki. Alipo amene amayendetsa. Koma tisanagulitse mbuzi kapena kupereka ndalama za chipukuta misozi ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, tiyambe tadziwa chimene ntchitoyi imafuna pa msana wathu.

Kukhala pampando si kupuma

Msana wapangidwa ndi timafupa tosanjikizana. Pakati pa timafupati pali tinthu tofewa tokhala ngati khushoni, ndipo pambali pake pamatuluka mitsempha yopita kumiyendo. Munthu akakhala pansi nthawi yaitali, makamaka atapinda msana, timakhushoni ta m'chiuno timapanikizika. Thiraki ikamayenda imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumadutsa pampando kulowa mumsana. Onjezeranipo maenje a mumsewu.

Maulendo akenso si afupi. Katundu wa dziko lino amadzera ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Durban ku South Africa. Ulendo wa ku Durban, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, umaposa makilomita 2,000 kupita kokha. Pachipata dalaivala atha kudikira masiku angapo, akugona m'thiraki momwemo.

Ntchito yake siithera pa chiwongolero. Pali kukoka tenti yophimbira katundu, kumanga malamba ndi maunyolo, kusintha tayala likaphulika kutali ndi anthu, komanso kukwera ndi kutsika kangapo pa tsiku. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene munthu wangotsika atakhala maola ambiri, msana uli wouma, n'kuyamba kunyamula cholemera.

Choyamba, dziwani chimene chavulala

Kuwawa kwa msana kuli mitundumitundu. Ngati ndi mnofu umene wakokeka, nthawi zambiri umachira m'masabata ochepa munthu akamayendayenda ndi kuchita masewera olimbitsa thupi. Koma ngati ululu ukutsikira kumwendo, phazi likuchita dzanzi kapena likufooka, ndiye kuti mtsempha ukupanikizika. Phazi limenelo ndi lomwe lidzaponde kilatchi kapena buleki. Phazi ladzanzi pa thiraki yodzaza katundu, pa mitsetse ya ku Thyolo kuno, ndi ngozi kwa dalaivala ndi kwa ana athu oyenda m'mbali mwa msewu.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira. Ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha, mkodzo ukukanika kutuluka, kapena pakati pa miyendo pachita dzanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati msana ukuwawa ngakhale usiku mutagona, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, atha kukhala matenda a TB ya msana. Matendawa amagwira aliyense, koma amapezeka kwambiri mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake achipatala angakupempheni kuyezetsa magazi. Musakane. TB ya msana imachizika, koma ikachedwa imapuwalitsa miyendo.

Yambirani pa chipatala chathu chaching'ono cha Khonjeni. Iwo atha kukutumizani ku chipatala cha boma ku Thyolo, kumene kuli oona za mafupa, kapenanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Afunseni mosabisa: "Kodi msana wangawu ungapirire kukhala pampando wa thiraki tsiku lonse?" Ngati mudavulalira pantchito, lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 limapereka ufulu wolandira chipukuta misozi. Kanenani kwa abwana ndi ku ofesi ya zantchito ya boma msanga, ndipo sungani makalata onse a kuchipatala.

Nanga ziphaso?

Ziphaso zoyendetsera galimoto zimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Road Traffic. Chiphaso cha C1 ndi cha malole olemera kuposa makilogalamu 3,500 mpaka 16,000. Cha C ndi cha olemera kuposa pamenepo, ndipo cha EC ndi cha mathiraki akuluakulu okoka ngolo. Woyendetsa galimoto yonyamula katundu ngati ntchito amafunikanso chilolezo chotchedwa Professional Driving Permit, ndipo amayezedwa ndi dokotala. Poyezedwapo musabise za msana. Pepala la dokotala mutha kulipeza mwachinyengo, koma msana wanu simungaunamize.

Samalani ndi mankhwala opha ululu

Madalaivala ena amayenda ndi mapiritsi m'thumba kuti ululu usawasokoneze. Mankhwala monga tramadol ndi codeine amagonetsa tulo ndipo amachedwetsa maganizo, choncho si oyendetsera galimoto. Brufen, Indocid ndi diclofenac, akamamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso. Anzathu amene ali pa ma ARV asamale kwambiri. Mankhwala amene ambiri akhala akulandira kuyambira mu 2019 ali ndi tenofovir, amenenso amapatsa impso ntchito. Uzani achipatala mankhwala onse amene mukumwa.

Kukhala ndi HIV sikuletsa munthu kukhala dalaivala. Chofunika ndi kunyamula ma ARV opitirira masiku a ulendo, pamodzi ndi buku la kuchipatala, popeza masiku odikira pachipata sadziwika. Kutalikirana ndi banja nakonso kuli ndi mayesero ake. Mu 2005 bungwe la World Food Programme ndi kampani ya TNT adatsegula kachipatala ka madalaivala pa chipata cha Mwanza, ataona kuti matenda akutha madalaivala onyamula chakudya. Amene akulowa ntchitoyi akambirane ndi okondedwa awo za kuyezetsa limodzi, kukhulupirika ndi makondomu ulendo woyamba usanafike.

Yesani musanalipire

Ngati achipatala avomera, dziyeseni kaye. Pemphani kuperekeza dalaivala amene mumamudziwa pa ulendo wautali. Kenako muone mmene msana wadzukira m'mawa mwake. Ngati ululu watsikira kumwendo, yankho mwalipeza musanataye ndalama.

Ngati mwapirira, yambani ndi lole yaing'ono ya maulendo afupi, monga apakati pa Luchenza, Thyolo ndi Limbe, pomwe mumatsika pafupipafupi ndi kugona kwanu. Pofunsira ntchito funsani ngati pamakhala wothandiza kumanga ndi kutsitsa katundu. Mukakhala pampando, usunthireni kutsogolo kuti phazi lifike pa kilatchi popanda kudzikoka. Ikani nsalu yopinda kumbuyo kwa chiuno ndipo chotsani chikwama m'thumba lakumbuyo. Imani pakatha maola awiri aliwonse n'kuyendako pang'ono. Potsika musadumphe: yang'anani kuthiraki, gwirani ndi manja onse awiri, tsikani sitepe imodziimodzi.

Ndipo ngati achipatala atati ayi, moyo sunathere pomwepo. Makampani a mtengatenga amalembanso olondoloza katundu, osunga sitolo ndi amagetsi a galimoto, ntchito zimene munthu amatha kuimirira ndi kukhala mosinthasintha.

Zokambirana m'kalabu

Kodi m'mudzi mwathu muli dalaivala wa thiraki amene tingamuitane kuti adzatifotokozere za ntchito yake? Kodi mnzathu atavulala msana pantchito lero, tingamuperekeze ku maofesi ati, ndipo anyamule makalata otani?