KUSANKHA OWERUZA PA MPIKISANO WA ANA WOLEMBA NKHANI

Chaka ndi chaka masukulu ambiri amachititsa mpikisano wa ana wolemba nkhani, makalata kapena nthano. Ana amalemba ndi mtima wonse, koma nthawi zina tsiku la mphotho limatha ndi madandaulo. Makolo amang'ung'udza kuti wapambana ndi mwana wa aphunzitsi kapena mdzukulu wa amfumu. Vuto lotere limayambira pa kusankha oweruza, ndipo a komiti ya sukulu ayenera kulingalira bwino mpikisano usanayambe.

Woweruza akhale munthu wotani?

Choyamba, adziwe bwino chinenero chimene ana alembamo. Munthu wodziwa Chingelezi chokha sangaweruze nthano ya m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pakuti sangamve kukoma kwa mwambi ngakhale kulakwika kwa mawu.

Chachiwiri, adziwe ana. Mwana wa Sitandade 4 salemba monga wa Sitandade 8. Mphunzitsi wa sukulu ina, kapena wopuma ntchito, amadziwa msinkhu wa mawu a mwana, ndipo amazindikira msanga nkhani imene mkulu wamulembera kapena imene wakopera m'buku.

Chachitatu, asakhale kholo, malume kapena mphunzitsi wa mwana aliyense wopikisana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ngakhale munthu woona mtima amavutika kugwetsa mwana wa mlongo wake. Amfumu ndiponso munthu amene wapereka mphotho ayenera ulemu wawo: aitanidwe kudzapereka mphothozo, koma asaweruze.

Kachitidwe kake

Oweruza akhale atatu, kuti awiri akasiyana maganizo wachitatu adule mlandu. Mlembi wa komiti achotse maina a ana pamapepala ndi kuikapo manambala, nasunge mainawo mu envulopu yomata. Asanawerenge, oweruza apangane za magawidwe a malikisi. Mwachitsanzo, pa malikisi 20 angapereke 10 pa maganizo a mwana, 6 pa kayalidwe ka nkhani ndi 4 pa kalembedwe ka mawu. Dzanja lokongola lisaphimbe nzeru. Aliyense awerenge payekha, ndipo pambuyo pake akumane ndi kuphatikiza malikisi.

Ngakhale mipikisano ikuluikulu siikhulupirira munthu mmodzi. Bungwe la mapositi a m'maiko onse, la Universal Postal Union, limene likulu lake lili ku Bern m'dziko la Switzerland, linakhazikitsa mu 1971 mpikisano wa makalata wa ana osapitirira zaka 15. Dziko lililonse limasankha kalata imodzi yopambana, ndipo oweruza ena a bungwelo amasankhanso pakati pa makalata a maikowo.

Phindu lake

Mpikisano woweruzidwa bwino umavumbula olemba. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anadziwika pamene buku lake la Nthondo linapata mphotho pa mpikisano wa akulu wa bungwe lina la ku London loona za zinenero za mu Afirika. Bukulo linasindikizidwa mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingelezi.

M'masukulu a kumudzi muli ana amene angadzalembe mabuku otero. Mwana wogonja mwachilungamo amayesanso chaka chamawa, koma woberedwa mphotho amataya mtima, osalembanso. Chifukwa chake a komiti alengeze maina a oweruza poyera mpikisano usanayambe, kuti kholo lililonse lokayika linene nthawi ikadalipo.