Tetezani paipi ya pa chumuni ku dzimbiri ndi mphepo

Alimi anzanga a fodya wa fulu, ine ndikamayendera balani ndimayamba ndayang'ana kumwamba, pa paipi yachitsulo imene timasomeka pa chumuni cha njerwa. Paipi imeneyi ndiyo imathandiza kukoka utsi. Ikabooka kapena kugwa, moto suyaka bwino, kutentha kumatsika, ndipo fodya wa sabata yathunthu amaonongeka. Mtengo wake ku Chinkhoma kapena ku Kanengo umakhala woliritsa.

Mdani woyamba ndi dzimbiri. Fodya timaotcha mvula ili mkati. Madzi akasakanikirana ndi mwaye amapanga asidi amene amadya chitsulo kuyambira mkati. Nchifukwa chake ine ndimaveka paipi kachipewa ka lata, nkusiya mpata wotulukira utsi, ndiponso sindisonkhezera nkhuni zaziwisi. Penti wamba amasupuka ndi moto, choncho gulani wopirira kutentha.

Mdani wachiwiri ndi mphepo. Mangani lamba wachitsulo chakumtunda kwa paipi, kokani mawaya 3, aliyense mbali yake, muwamangirire ku zikhomo zolimba. Pokumana paipi ndi njerwa musamate simenti yokhayokha, pakuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, simentiyo nkung'aluka. Ine ndimamata dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga, ndipo likang'ambika ndimabwerezanso.

Nyengo yootcha ikatha, tsitsani paipi, palani mwaye wonse, pakani oyilo wakutha, muisunge pouma. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi njotchipa kuposa kugula paipi yatsopano chaka ndi chaka.